Pomwe Dzanja Langa Silifika

Akulu anga a Concepta anandikanira Lachitatu m'mawa, ali chiimire m'khitchini mwanga, chikhothi chawo chamvula chikudonthera pomwe ndinali nditangokolopa. Anati msana wanga sandipaka, ndipo ngati ndikufuna kukwiya ndikwiye mpaka Khirisimasi, iwo alibe nazo ntchito.

Ukwati wa mwana wanga Bronagh unali Loweruka. Mkazi aliyense muno mu Drogheda, ku Ireland kuno, akudziwa kuti chochitika chikakhala Loweruka, bulauni, kirimu uja wodetsa khungu, umapaka Lachinayi. Kirimuyo umagona naye m'thupi, Lachisanu n'kusamba, ndipo pofika Loweruka fungo lake lija la mabisiketi limakhala litatha, khungu laderako bwinobwino ngati munthu amene anapitako kunja kukawothera dzuwa. Nanga titani? Dzuwa kuno limatuluka masiku asanu pachaka, anayi mwa masikuwo uli kuntchito. Ine ndikapanda kupaka ndimatuwa ngati nkhuku yososola ya m'firiji. Zaka makumi atatu zadutsa popanda munthu kundiona choncho. Ngakhale pamaliro a mwamuna wanga Fintan ndinali nditapaka, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa mwini wakeyo akanadzuka m'bokosi n'kufunsa kuti mayi wotuwayu ndi wa kwa yani.

Miyendo, mikono, khosi, zonsezi ndimadzipaka ndekha ngakhale nditatsinzina. Koma pakati pa mapewa pali malo pomwe dzanja langa silifika. Fintan anandipaka pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akudandaula Lachinayi lililonse kuti iye anakwatira mkazi osati mpanda wofunika penti. Atamwalira, ntchitoyo inagwera a Concepta. Ndiye mwezi wa Julayi, akundipaka pokonzekera ubatizo wa mdzukulu wawo, anangoima, golovesi yopakira ili kudzanja, n'kundifunsa kuti kadontho kakuda aka kanayamba liti kukula chonchi. Ndinawayankha kuti ine kumsana ndilibeko maso.

Dokotala wa khungu anali kamtsikana kochepa kuposa Bronagh. Anandifunsa ngati ndinagonapo m'mabedi amagetsi aja odetsa khungu. Ndinaseka, n'kumuuza kuti pautsikana wanga ndinkagonamo kawiri pa sabata kuseri kwa shopu yobwereketsa mavidiyo, mpaka kununkha ngati tositi. Iye sanaseke. Lolemba la sabata yoyandikana ndi ya ukwati anandidula kadonthoko limodzi ndi mnofu wozungulira, n'kundisoka malo khumi ndi amodzi. Mawu akuti khansa sanawatchule mpaka nditawatchula ndekha, ndipo anangoti tidikire. Anati ndidzapite Lachiwiri ukwati utadutsa, akachotse ulusi ndi kundiuza zomwe apeza. Bronagh ndi Cathal, mnyamata wakeyo, ndege yawo yopita kokapuma ku Portugal inali ya Lolemba. Ndinaona kuti Mulungu wandikonzera bwino masikuwo.

Diresi yanga tinasankha limodzi ndi Bronagh, yobiriwira, yotsegula kumsana. Nditachoka kuchipatala ndinaivala, a Concepta n'kuyeza. Pomwe nsalu inayambira panali zala zitatu pamwamba pa pulasitala. Bala silikanaoneka. Chofunika chinali chakuti mbali yoonekerayo ipakidwe munthu wina asanaione, chifukwa Bronagh anali atanena kale kuti iye kusaluni sapitako. Ankafuna Lachinayi lomaliza asanakwatiwe tidzapakane awiriwiri m'khitchini muno, titaima pa majumbo akuda a zinyalala, ngati mmene tinkachitira ali kusekondale. Nzeru yanga inali yoti a Concepta andipake msana Lachitatu, kuti mwana akafika ndidzangoti ine ndathana nazo kale, bwera ndikupake iwe.

Ndiye ndi zimene anakanazo. Anati usiku wonse sanagone nazo.

"Unalumbira, Dympna. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa."

Nkhani ya lumbiroyo ndi iyi. Fintan atayamba kudwala mapapo zaka zinayi zapitazo, Bronagh anali ku Perth, ku Australia, atangoyamba ntchito yaunamwino. Bambo akewo anati tisamuuze, tingomusokoneza mwana, achira. Ine ndinavomera. Lamlungu lililonse Bronagh akamaimba foni yakanema, ndinkamukhazika Fintan pampando wa pawindo, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinkamupaka bulauni pang'ono kumaso Loweruka lake kuti asaoneke wodwala. Bronagh ankaseka, ankati adadi akuoneka bwino kuposa iye amene ali kudziko la dzuwa. Mmene tinkamuuza zoona n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Anakwera ndege zitatu, n'kudzapeza bambo ake sakuzindikiranso munthu. Botolo la bulauni analipeza yekha m'kabati ya pambali pa bedi, pakati pa mankhwala. Chaka chathunthu mwana wanga sanandilankhule. Anabwerera kuno ku Ireland, n'kukakhala ku Galway, dala, kuti pakati pathu pakhale dziko lonse. Tsiku limene anandilankhulanso kunali kumanda, ndipo anandigwiritsa mwala wa Fintan, n'kundilumbiritsa kuti za matenda sindidzamubisiranso. Anati ndikadzabwereza, ndidzadziwe kuti ndilibe mwana.

Zonsezi a Concepta sanafunikire kundikumbutsa. Ndinawafunsa ngati akufuna mwana akalowe m'tchalitchi akuganiza za maliro anga. Ndinati ndi masiku asanu ndi limodzi okha, mwina si kanthu n'komwe, ndidzamuuza akadzabwerako. Ndinawachonderera, ine amene sindinachondererepo munthu chibadwire. Kenako ndinawatukwana. Ndinawakumbutsa za chibwenzi chawo ndi woyendetsa basi uja chimene ndinawasungira chinsinsi kuyambira tili atsikana. Iwo anangomanga mabatani a chikhothi.

"Sindimuuza ine," anatero ali pakhomo. "Koma dzanja langa silipakanso bodza lako. Linapaka kokwanira."

Galimoto yawo itachoka ndinakhala pampando. Kenako ndinadziuza kuti Dympna Hanratty sanagonjepo kwa Concepta. Ndinatenga mthiko umene ndimatakasira supu, ndinauveka golovesi kumutu, n'kumanga ndi lastiki ya tsitsi. Atsikana a masiku ano amachita zimenezi, ndinaonera pafoni, koma iwo ali ndi zaka makumi awiri ndipo mapewa awo amatembenuka. Ndinakwera kubafa, ndinaimika galasi la kuchipinda pamwamba pa thanki ya chimbudzi kuti liyang'anizane ndi la pasinki, n'kuvula.

Aliyense amene anayesapo kugwira ntchito ndi magalasi awiri akudziwa. Ukafuna kupita kumanja, dzanja limapita kumanzere. Ndimati ndikalambalale pulasitala, mthiko n'kukagunda pomwepo. Golovesi inkapotokera cham'mbali, ndiye m'malo mosisita, mphepete mwa mthiko munkangokokolola kirimuyo. Kawiri inavuka n'kugwera m'bafa. Dokotala anali atandiuza kuti ndisanyamule ngakhale ketulo yodzaza, koma ine apa ndinali nditapinda mkono kumbuyo ngati wakuba wogwidwa ndi apolisi. Kachitatu ndinamva kuti twe! pansi pa pulasitala, ululu n'kuthamangira m'khosi. Ndinagwira sinki mpaka chizungulire chitatha. Poopa kuti pena ndasiya, ndinapakanso kachiwiri pamwamba pa woyambayo, chinthu chimene ine ndemwe ndinamuphunzitsa Bronagh ali ndi zaka khumi ndi zisanu kuti munthu wanzeru sachita.

Vuto la bulauni ndi lakuti sakuuza pompo. Ali wamuwisi amaoneka ngati matope basi, kaya wapaka bwino kaya walakwitsa. Zoona zake umazidziwa mawa lake ukasamba. Lachinayi m'mawa ndinamata pepala la pulasitiki lokutira zakudya pamwamba pa bala, ndinasamba, n'kutembenukira galasi.

Mayo ine. Mizere. Kuchokera paphewa kupita paphewa, ina yakuda bii, ina yofiira ngati karoti, pakati pake khungu langa lotuwa likusuzumira. Mzere umodzi unakwera khosi mpaka kuseri kwa khutu. Pamwamba penipeni pa malo oonekera diresi panali chidindo cha mutu wa mthiko, choonekeratu kuti uwu ndi mthiko. Munthu wochita ngozi ya njinga amaoneka bwino kuposa pamenepo.

Bronagh anati afika cha m'ma 3 koloko. Ndinali ndi maola asanu ndi limodzi. Ndinafinya mandimu onse amene ndinagulira alendo, n'kusakaniza ndi soda. Ndinatenga burashi yaitali ya Fintan yosambira, imene sindinaitayebe, n'kuyamba kukwecha. Mandimu atatha ndinapaka mankhwala otsukira mano. Kuviika thupi m'madzi otentha ndi mafuta a ana ndiye kumachotsa, aliyense amadziwa, koma ine ndi bala losoka sindikanalowa m'bafa. Pofika masana mizere inali pomwepo, kungoti tsopano inakhala pa khungu lofiira psuu, lotentha ngati ndagonera chitofu. Madzi a mandimu analowa pansi pa pulasitiki. Ndinaluma thaulo kuti oyandikana nawo nyumba asamve. Nditayang'ananso, pakati pa pulasitala panali patatuluka magazi, kadontho kukula ngati batani la malaya.

Ndinaimbira a Concepta katatu. Kachitatu anayankha, ndipo ndisanamalize kufotokoza anangoti ndimuuze mwana, n'kudula. Ndinatsegula wadiropu n'kutulutsa majekete onse, mashawelo onse, kuyesa pamwamba pa diresi. Chilichonse chinkaoneka ngati ndikupita kumaliro a munthu amene sindinkamukonda, ndipo mzere wa m'khosi unkaonekabe. Ndinaganiza zonama kuti ndadwala chimfine choopsa, asandiyandikire. Ndinaganiza ngakhale zodzigwetsa pamasitepe, kuti bala likhale ndi chifukwa china. Ndinaimadi pamwamba pa masitepewo, ndikuwerenga kuti ndigwere kuchokera pa lachingati kuti ndisathyoke chiuno. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti mutu wanga sukuyendanso bwino. Ndinagwada pa kapeti n'kupempha Yuda Woyera, amene amathandiza zinthu zikakanika, kuti galimoto ya Bronagh iphulike tayala, osamuvulaza ayi, kungomuchedwetsa mpaka Loweruka. Ndinali ndi mantha amene sindinakhale nawo ngakhale pa tebulo la dokotala. Imfa sindinkaiopa kwenikweni tsiku limenelo. Ndinkaopa chaka china chopanda foni.

Ndinavala juzi ya Fintan ya khosi lalitali, mu Seputembala, kunja kukutentha koyamba mwezi wonsewo.

Bronagh anafika nthawi yake, akugogoda chitseko ndi phazi. Diresi yaukwati inali m'thumba lalitali paphewa, manja onse awiri atawakweza m'mwamba ngati akumuloza ndi mfuti. Anali atangochokera koikitsa zikhadabo. Anamwino saloledwa zikhadabo zazitali, ndiye izi zinali zake zoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri, zoyera mopita ku pinki, ndipo anati aliyense amene azigunde amupha. Milungu isanu ndi umodzi anakhala akugona ndi mafuta m'manja. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Mphete yake yaukwati inali ya Fintan, anakaichepetsa kwa osula golide, ndipo chithunzi chimene ankachifuna kuposa zonse chinali cha dzanja lake litavala mphete ya bambo ake. Ngakhale wojambula anamusankha chifukwa cha zithunzi za manja.

Ndinamutsegulira ketulo, ndinamudulira buledi wa soda, ndinamufunsa za msewu, za maluwa, za azakhali ake a Cathal ochokera ku Boston. Ndinayala majumbo akuda pansi ndisanafunsidwe. Ndinati tiyambe ndi iye, mkwatibwi ndi mkwatibwi, ine ndinadzipaka kale dzulo. Anandiyang'ana mwachidwi, koma anavula n'kuima pa majumbo, tsitsi atalimanga pamwamba, mikono atatambasula.

Sindinapakepo munthu pang'onopang'ono ngati tsiku limenelo. Mafuta wamba m'zigongono, m'mawondo ndi m'zidendene kaye, kuti bulauni asaunjikane. Kenako miyendo, mozungulirazungulira. Manja ake sindinawagunde ndi golovesi, ndinangowadutsitsa kaburashi kofewa kamodzi, iye atapinda zala ngati mphaka. Nditafika kumsana ndinapezeka kuti ndikuwerenga timadontho take. Tinalipo tisanu ndi tinayi, tating'ono, tozungulira bwino. Ndinatiwerenga kawiri. Iye ankangolongolola za mayi ake a Cathal, amene amafuna kusintha malo okhala alendo kachinayi.

Ndikuwerama kuti ndimalize kuseri kwa bondo, khosi la juzi linasuntha. Bronagh anasiya kulankhula. Kenako anaphulika kuseka. Anati chimenecho n'chiyani kuseri kwa khutu, kodi ndinadzipaka ndi tsache? Anakoka khosi la juzi ndi nsonga ya chala, n'kusuzumira, ndipo anaseka mpaka misozi, akudzikupiza kumaso kuti misoziyo isamulembe mizere. Anati amayi ake a mkwatibwi asanduka mbidzi. Anati zaka zonsezi ndakhala ndikunyoza akazi a mumsewu muno chifukwa cha zidendene za olenji, lero Mulungu wawayankha. Ine ndinasekako.

Anavala malaya ogonera akuda otaya, n'kuvala golovesi kudzanja lamanzere, chifukwa ndi wamanzere ngati bambo ake. Anati zimenezi zimakonzeka, adzaza mipata yotuwayo ndi bulauni wosada kwambiri, pofika Loweruka palibe adzadziwe. Anati ndivule juzi.

Ndinati ndikumva kuzizira. Ndinati khungu likuwawa, tiyese mawa. Ndinati a Concepta abwera madzulo adzakonza. Zonse zitakanika ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandidya mumtima. Ndinafuna kumukwiyitsa kuti atuluke m'nyumba. Ndinamuuza kuti asamale za iye mwini, chifukwa banja limene akukalowalo silimufuna, mayi ake a Cathal amamuona ngati wantchito, ndipo Cathal yemweyo ndi mwana wa amayi amene sadzamuikira kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Mnyamata wabwino ngati uja, amene anandikonzera denga osafunsidwa. Ndinanena zimenezo kwa mwana wanga kutatsala masiku awiri kuti akwatiwe, ndikuyembekeza kuti amenyetsa chitseko.

Sanamenyetse. Kuseka kunatha pankhope pake, ndipo anandiyang'ana mmene amayang'anira odwala amene akunama kuti mankhwala amwa.

"Amayi, Cathal mumamukonda kuposa ine. Vulani juzi."

Ndinatembenuka, ndinayang'ana pawindo, n'kuvula. Kunja mayi wa nyumba yoyang'anizana nafe ankaanula zovala. Bronagh anasendera kumbuyo kwanga. Ndinamva mpweya wake pakhosi panga, kenako m'mphepete mwa pulasitala mukumatuka pang'onopang'ono. Kwa namwino panalibe chofotokoza. Anaona kutalika kwa bala, anaona malo ake, basi.

"Anakudulani liti?"

"Lolemba la sabata yatha."

"Zotsatira?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri," anabwereza. "Ine ndili ku Portugal."

Ndinayamba kulankhula zonse zimene ndinakonza, kuti mwina si kanthu, kuti sindinafune kumuwonongera tsiku lake, kuti ndikanamuuza akangotsika ndege. Mawu ankatuluka okhaokha ngati madzi a pampopi wothyoka. Ndinamva akutsegula kabati ya pamwamba pa firiji pomwe timasunga zamankhwala. Anatsuka bala, anati ulusi umodzi wamasuka koma ena agwira, n'kumata pulasitala watsopano. Mawu ake anali a kuntchito, aulemu, ngati sakundidziwa. Ndikanakonda akananditukwana.

Ndinadikira kumva akukwera masitepe kukatenga zikwama zake. M'malo mwake ndinamva botolo likutseguka. Golovesi inandikhudza paphewa kawiri, n'kuima. Inali yaikulu kwambiri pa mipata yopyapyala ija, ndipo pafupi ndi bala sikanatha kuyenda osagunda. Kenako ndinaona chinthu chikugwera pa majumbo pafupi ndi phazi langa. Inali golovesi ija. Chimene chinandikhudza pambuyo pake chinali chala, chofunda, chopanda kanthu.

"Bronagh, manja ako."

"Imani bwino."

"Vala golovesi, mwana iwe, zikhadabo zako."

"Ndati imani bwino, Amayi."

Anazunguliza vaselini m'mbali mwa pulasitala kuti kirimu asayandikire, kenako anayamba kudzaza mzere umodzi umodzi ndi zala zake, akuviika m'chikhatho cha dzanja linalo. Zinatenga pafupifupi ola. Ine ndinkalira mwakachetechete, mamina akugwera pa majumbo, osatha ngakhale kupukuta chifukwa anati ndisasunthe mapewa. Pomwe panali chidindo cha mthiko anakhalitsapo. Atamaliza ndinathamangira kusinki, ndinatsegula madzi otentha, ndinamupatsa sopo ndi burashi ya zikhadabo. Ukasamba m'manja nthawi yomweyo zambiri zimachoka, mwana wa zaka khumi amadziwa zimenezo. Iye anakhala patebulo, manja atawagoneka chagada, ali bii mpaka m'mizere ya m'zikhatho, n'kumangowayang'ana.

"Adadi munkawapaka ndi golovesi kapena ndi manja?"

Ndinati ndi manja. Kumaso golovesi siyenda bwino.

"Ndiye munkasamba msanga kuti ndisaone pafoni."

Ndinavomera ndi mutu. Anadzuka, anatseka mpopi uja ndi chigongono, n'kukwera kuchipinda chake.

Lachisanu lonse analankhula ndi aliyense kupatula ine. Kwa ine kunali inde Amayi, ayi Amayi, basi. Zala zake zinali zitasanduka olenji, zamanzere kwambiri, mtundu utalowa m'mphepete mwa zikhadabo zatsopano zija ngati wakhala akusenda makaroti sabata yonse. Ndinapita kukagula mandimu ena, ndinawadula n'kuwaika pasinki ya kubafa limodzi ndi soda. Madzulo ndinawapeza m'bini. Kokayeserera mwambo wa ukwati kutchalitchi a Concepta anaona manjawo, n'kundiyang'ana. Zikwama za ku Portugal zinali chikhalire pakhonde la m'mwamba, zomanga kale. Ndinkazilambalala ngati agalu olusa. Sindinadziwe ngati mwana ndikadali naye kapena akungodikira kuti ukwati udutse.

Loweruka msana wanga unali bwino kuposa mmene unakhalirapo chimwalirire Fintan. Akazi atatu anandifunsa kuti ndinapita kusaluni iti. M'tchalitchi ndinakhala kutsogolo, ndipo Cathal atatenga dzanja la Bronagh kuti amuveke mphete, ndinamva mpweya ukukokedwa m'mabenchi a kumbuyo. Mayi ake a Cathal ananong'oneza mnzawo, mokweza dala, kuti mtsikana wa kwa Hanratty, mwa anthu onse, angaiwale kusamba m'manja? Mphete ya Fintan inalowa pa chala cha olenji. Bronagh ankamwetulira ndi pakamwa pokha. Ndinamuwonongera tsiku lake, ndisaname. Chimene ndinazunzikira sabata ziwiri kuti chisachitike chinachitika, ndipo wochititsa ndinali ine.

Panja, pa masitepe a tchalitchi, wojambula anavutika. Anati mwina aike manja pansi pa maluwa. Anati mwina chithunzi cha mphete achijambule chopanda mtundu, kapena adzachikonza pakompyuta. Bronagh anati ajambule mmene alilimo, ndipo asadzachotse kalikonse. Kenako anaitana a banja. Ndinaima kumapeto, pafupi ndi a Concepta, koma iye anati amayi abwere apa. Ndinapita. Sanandiyang'ane, maso ake anali kwa wojambula.

"Lachiwiri nthawi yanji?" anafunsa chapansipansi.

"Teni koloko. Koma ndege yanu, Bronagh."

"Cathal anasintha kale dzulo. Ndidzakutengani naini."

Ndinafuna kunena kanthu, koma anandidula.

"Sindinakukhululukireni, Amayi. Musaganize kuti ndakukhululukirani. Yang'anani kutsogolo."

Ndinayang'ana kutsogolo. Wojambula akuwerenga mpaka katatu, ndinamva dzanja lake lamanzere likudutsa kumbuyo kwanga. Silinapapase. Linakakhala pambali penipeni pa bala, osaligunda, ndipo linakhala pamenepo mpaka anthu onse atatsika masitepe.